Kuyeserera ngozi pa ndege yaing'ono: momwe mungachitire kuti yoyeserera isasanduke yeniyeni

Amene anakulira m'minda ya tiyi ku Thyolo anazolowera phokoso la kandege kodutsa, moti satukula n'komwe mutu. Koma kandegeko kakangoti zii, amayi othyola tiyi amaima onse nthawi imodzi, madengu kumsana, maso kumwamba. Nthawi zambiri palibe chavuta. M'katimo muli mphunzitsi amene wakoka dala throttle, chowonjezera ndi kuchepetsera moto wa injini, n'kufunsa wophunzira wake kuti, "Injini yafa, utani?"

Funso limeneli ndinafunsidwapo kambirimbiri, ndipo woyendetsa ndege aliyense ayenera kufunsidwa. Amene sanayesererepo, tsiku lenileni likafika manja amauma. Koma pali mbali ina imene sitiikamba mokwanira: kuyesererako nakonso kumapha. Poyeserera ngozi umaiyandikira dala. Umachepetsa liwiro mpaka mapiko atatsala pang'ono kuleka kunyamula, umachepetsa moto wa injini imene inali bwinobwino, umatsikira kufupi ndi mitengo. Ku America, mu 1949, boma linachotsa lamulo loti aliyense wofuna laisensi yoyamba azilowetsa ndege mu spin (kugwa mozungulirazungulira mphuno ili pansi), ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali ngozi zimene zinkachitika pophunzirapo.

Malangizowa ndi a inu amene mukuphunzira pa Cessna 152, Cessna 172 kapena Piper Cherokee, komanso inu amene muli ndi laisensi kale ndipo mukufuna kudzikumbutsa, makamaka ngati mumaulukira dera lathu lino la Thyolo ndi Mulanje. Sakulowa m'malo mwa mphunzitsi. Ndipo nambala yanga ikasiyana ndi ya m'buku la ndege yanu, mverani bukulo.

1. Zokambirana zithere pansi

Musanakwere, khalani pansi ndi aphunzitsi anu mugwirizane zinthu zinayi: muyeserera chiyani lero, akoka throttle ndani, musiyira pa mafiti angati, ndipo injini ikafa zenizeni ayendetsa ndani. Nambala yosiyirayo ilembedwe papepala. Nambala yongonena pakamwa imatsika yokha mukakhala m'mwamba zinthu zikukoma.

Kupatsana ndege kuli ndi mawu ake ndipo anenedwe mokweza. Wina akuti "You have control," mnzake akuyankha "I have control," woyambayo n'kubwerezanso. Zachitikapo kuti anthu awiri aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye wagwira, komanso kuti onse awiri ankalimbana ndi chiwongolero, wina kukoka wina kukankha.

Kufa kwa injini kumayesereredwa ndi throttle yokha basi. Mixture (chosakanizira mafuta ndi mpweya), chotsekera mafuta ndi kiyi muzingozikhudza ndi chala n'kutchula dzina lake, osazisuntha. Injini imene mwaizimitsadi ili ndi ufulu wokana kudzuka.

Osakweza munthu wina. Mlamu wanu kapena bwenzi lanu sanavomere kuyandikira ngozi, ndipo munthu akakhala mpando wakumbuyo kulemera kumasunthira kumchira, zimene zimachititsa kuti ndege ivute kutsitsa mphuno ikalowa mu stall, pamene mapiko aleka kunyamula. Dzifunseninso za thupi lanu. Ngati mukumva ngati malungo, simunagone, simunadye, kapena sipanathe maola 8 chimwereni mowa, lero si tsiku lake.

Ndipo inu ophunzira, ife tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. M'ndege mwambo umenewo usiyeni pakhomo. Mukaona mawaya, mukamva injini ikulira mwachilendo, mukachita mantha, nenani pomwepo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

2. Sankhani tsiku, ola ndi malo

Pano ndichedwapo, chifukwa dera lathu lili ndi misampha yakeyake.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umatibweretsera chiperoni kuchokera ku Mozambique. Mumanyamuka ku Chileka kuli ngwee, koma pofika ku Bvumbwe mtambo wakhala kale pa Phiri la Thyolo, mawawa ayamba. Choopsa si mvulayo ayi, koma mtima wonena kuti, "Tafika kale, tingochitira m'munsi mwa mtambomu." Mukatero mwadya mtunda womwe unayenera kukupulumutsani mukalakwitsa. Tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024, pamene Dornier 228 ya asilikali inagwa ku Chikangawa nyengo itaipa, n'kupha anthu 9 kuphatikizapo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Saulos Chilima. Iwo sankayeserera kanthu, koma mtambo wotsika pamwamba pa mapiri ndi womwewo tili nawo kuno miyezi yozizira.

Seputembala ndi Okutobala ali ndi zawo. Utsi wa moto wa kutchire umadzaza mlengalenga moti suonanso pamene thambo lakumana ndi dziko. Popanda mzere umenewo maso alibe poyezera ngati mapiko ali chilili kapena apendekeka, ndiye stall kapena kukhota mopendekeka kwambiri zidikire tsiku lina. Kutentha nako kumabera ndege mphamvu. Tiwerengere limodzi. Pamalo okwera mafiti 3,000, buku limayembekezera madigiri 9. Masana a Okutobala kukhoza kufika 30. Kusiyana kwake ndi 21, ndipo digiri iliyonse imawonjezera mafiti pafupifupi 120. Ndiye ndege yanu ikudzimva ngati ili pa mafiti 5,500. Mukaipatsa moto kuti ichoke m'chigwa, imakwera ngati lole yodzaza matumba pa chitunda. N'chifukwa chake ine ndimakonda m'mamawa, dzuwa lisanapse, mphepo isanayambe kuvunduka.

Kenako phiri. Sapitwa ndi mamita 3,002, kutanthauza mafiti pafupifupi 9,850. Mwera ukamenya mbali ya ku Ruo umakwera, n'kukatsika mwamphamvu mbali ya ku Phalombe, ndipo mphepo yotsika ngati imeneyo ikhoza kukankhira kandege pansi mofulumira kuposa momwe ikathera kukwera ngakhale pa moto wonse. Khoma la Chambe ndi lokongola, ndikudziwa momwe limakokera maso, koma pafupi ndi phiri si poyesererapo kanthu. Pitani pachidikha, kutali ndi mapiri, kutali ndi boma, misika ndi masukulu. Kumbukiraninso kuti kuseri kwa Muloza ndi mtsinje wa Ruo ndi dziko la eni. Munthu wotanganidwa ndi mageji mphepo imamutenga osadziwa.

Chomaliza apa, chimene chimapusitsa ambiri: altimeter, geji yoonetsa kukwera kwa ndege, imawerenga kuchokera pa nyanja yamchere, osati pa nthaka ili pansi panu. Chileka penipeni pali pa mafiti oposa 2,500. Ngati nthaka ya kumene mukuyeserera ili pa mafiti 3,000, ndipo mwagwirizana kuti stall ithe muli mafiti 3,000 pamwamba pa nthaka, nambala ya pa geji ndi 6,000, ndipo muyambire pamwamba pa imeneyo. Onani pa mapu malo okwera kwambiri m'deralo, phatikizani muli pansi, lembani.

3. HASELL, nthawi iliyonse

Musanachepetse liwiro, dutsani zilembo zisanu ndi chimodzi zimene tinaphunzitsidwa, HASELL, zoimira mawu a Chingerezi a zinthu zoyenera kuona. Kutalika kukhale kokwanira. Ma flap, zigawo zotsitsika za kumbuyo kwa mapiko, akhale pomwe mukuwafuna. Malamba akhale omangika, zitseko zotsekeka, ndipo botolo la madzi kapena foni zisakhale poti zikhoza kugubudukira pansi pa zopondera za rudder, chiwongolero cha kumchira. Injini: mageji a oyilo ali pobiriwira, mafuta akuchokera m'thanki yoyenera, carb heat (chotenthetsera mpweya wolowa m'kabuleta) yayesedwa. Malo akhale aja mwasankha. Pomaliza khotani, madigiri 180 kamodzi kapena 90 mbali iyi ndi 90 mbali inayo, mukuyang'ana makamaka pansi panu, poti n'komwe mukupita. Akabawi ndi akhwangwala nawo amakwera ndi mphepo yotentha. Mukabwereza kachiwiri, yang'ananinso. Kumwamba komwe kunali kopanda kanthu mphindi zitatu zapitazo si umboni.

4. Stall

Phiko limanyamula ndege malinga ngati mphepo ikuyenda momata pamwamba pake. Mukalipendeketsa kwambiri moyang'anizana ndi mphepo, kupitirira madigiri 15 kapena kuposerako pang'ono, mphepoyo imasweka ndipo phiko limaleka kunyamula. Imeneyo ndiyo stall. Injini ilibe nayo mlandu, ndipo ikhoza kuchitika pa liwiro lililonse. Mukakhota mutapendekeka madigiri 45, liwiro limene ndege imachitira stall limakwera ndi 19 peresenti. Pa madigiri 60 limakwera ndi 41 peresenti, ndipo thupi lanu limalemera kawiri.

Lowanimo pang'onopang'ono. Chepetsani moto, carb heat itseguke, sungani mtunda pokoka chiwongolero pang'onopang'ono, kampira ka pa geji koonetsa ngati ndege ikuterereka cham'mbali kakhale pakati. Mverani zimene ndege ikukuuzani: phokoso la mphepo likuchepa, chiwongolero chikufewa ngati chamasuka, kabelu kochenjeza kayamba kulira, kenako kunjenjemera.

Potulukamo, choyamba ndi kukankha chiwongolero kutsogolo. Moto wonse ubwere, phazi liletse mphuno kutembenukira kumbali, ndipo phiko likayambanso kunyamula ndiye muwongole mapiko n'kukwera mofatsa. Zolakwa ziwiri zimene zimasandutsa phunziro kukhala ngozi ndi izi. Phiko limodzi likagwa, dzanja limafuna kulidzutsa ndi aileron (tizigawo ta kunsonga kwa mapiko topendeketsera ndege), ndipo kutero kumalizamitsa mu stall n'kuitana spin. Chachiwiri, munthu akaona nthaka yadzaza galasi amakoka msanga, ndege n'kulowanso mu stall yachiwiri yoipa kuposa yoyamba. Spin ikayamba, kuzungulira koyamba kokha pamodzi ndi kutulukamo kumadya mafiti pafupifupi 1,000. Mafiti 3,000 aja ndi a zimenezi.

5. Kutera mokakamizidwa

Ili ndilo phunziro limene limaimitsa amayi m'minda ya tiyi, ndipo ndi limene linandiphunzitsa mantha oyenera.

Throttle ikakokedwa, ntchito yoyamba ndi liwiro loyandamira: ma knot 60 pa Cessna 152, 65 kapena 68 pa 172 malinga ndi mtundu wake. Ikani trim kuti ndege idzisungire yokha liwirolo. Pa mafiti 1,000 alionse mumapita makilomita osakwana atatu ngati kulibe mphepo, ndipo kuchokera pa mafiti 3,000 muli ndi mphindi zinayi kapena kuposerako pang'ono. N'zokwanira kwa munthu wodekha.

Kenako mphepo ikuchokera kuti? Kwathu kuno chizindikiro sichisowa: utsi wa pa chumuni cha fakitale ya tiyi, kapena wa moto wa m'munda. Mutere moyang'anizana nayo.

Tsopano munda. Ukakhala m'mwamba tiyi amaoneka ngati mkeka wobiriwira woyalidwa bwino, ndipo wophunzira aliyense watsopano amaloza pomwepo. Amene anathyolapo tiyi akudziwa zoona zake: ndi zitsamba zolimba zofika m'chiuno, zambiri zili pamtsetse, pakati pali ngalande, m'mbali muli mizere ya bulugamu. Dambo lobiriwira kwambiri ndi lamadzi, matayala amatitimira ndege n'kugudubuka. Munda wa chimanga wokololedwa ndi wabwinoko mukatsata mizere, osati kuidula, koma yang'anirani zulu. Bwalo la mpira la pasukulu ndi lalifupi, ndipo ana akamva ndege amathamangira komweko. Msewu wa tala wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Mulanje umakopa maso, koma uli ndi maminibasi, akabaza, anthu oyenda pansi ndi mawaya. Mawaya a magetsi saoneka m'mwamba. Funani mapolo, ndipo mukaona awiri dziwani kuti pakati pawo pali waya. Sankhani munda wapafupi, umene uli pansi pa phiko lanu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Mawu a Mayday, opempha thandizo pangozi, anenedwe ndi pakamwa popanda kudina batani la wailesi. Nambala zodziwitsira ngozi, 121.5 ndi 7700, muzitchule, musaziike.

Tsopano injini, imene yakhala ikungozungulira popanda moto nthawi yonseyi. M'kabuleta mafuta akamasakanikirana ndi mpweya kumazizira kwambiri, madigiri 20 kapena kuposa kuyerekeza ndi kunja. Mpweya ukakhala wachinyezi, ayisi amaundana m'khosi mwa kabuleta ngakhale kunja kukufunda, ndipo amaundana msanga throttle ikakhala yotsekedwa. Carb heat imatenga kutentha ku ekizozi, ndiye injini ikazizira, nayo imafooka. N'chifukwa chake carb heat itsegulidwe throttle isanatsekedwe, ndipo pa mafiti 500 mpaka 1,000 alionse amene mwatsika, patsani injini moto kwa masekondi angapo kuti ifunde ndiponso kuti mumve ngati ikadali nanu. Ma 172 atsopano opopera mafuta alibe kabuleta, koma kufunditsa injini kukufunikabe.

Ine ndinaiwala zimenezi m'mawa wina wa mwezi wa Juni. Chiperoni chinali chitangochoka dzulo lake, kumwamba kuli mbee, mpweya uli wonyowa. Maso anga onse anali pa munda umene ndinasankha pakati pa Thyolo ndi Luchenza, ndipo ndinkaufika bwino. Aphunzitsi anga anaona kuti sindinafunditse injini, koma anakhala chete kuti aone ngati ndikumbuke. Pa mafiti 500 anati tizipita. Ndinakankha throttle, injini n'kukhosomola, kenako kuchita ngati yatsamwa. Ndinamva "I have control," dzanja lawo lili kale pa carb heat, mphuno aisunga pansi osaikoka ngakhale pang'ono. Kutsogolo kwathu mayi wina wa chitenje chofiira anaponya dengu n'kuthamangira m'ngalande, tiyi ali mbwee panjira. Injini inayamba yaipiraipira, monga imachitira ayisi akamasungunuka madzi n'kulowa m'kati, kenako inagwira. Titatera anandiuza kuti, "Mphwanga, iwe unaiwala, koma ine ndinaona n'kusiya. Lalikulu ndi langa." Mpaka lero ndikamaganiza za tsiku limenelo ndimaona mayi uja. Iye sanakwere ndege, sanagwirizane nafe kalikonse, koma tinamuika m'phunziro lathu.

Choncho pa mafiti 500 pamwamba pa nthaka, siyani. Pamenepo mukudziwa kale ngati mukanafika kapena ayi. Ngati mukufuna kuyeserera mpaka matayala kugunda pansi, kachitireni pa bwalo la ndege.

Pali misampha ina iwiri mphindi yomalizayi. Mukaona kuti simufika, dzanja limafuna kukweza mphuno kuti ndege italikitse ulendo. Sitalikitsa, imangotaya liwiro n'kugwa msanga. Ndipo mukapitirira mzere wa munda pokhota komaliza, phazi limafuna kukankha rudder kuti mphuno ibwerere uku dzanja likuletsa kupendekeka. Kumeneko ndi kuitana spin pamalo popanda mtunda woitulukira. Mukaphonya, mwaphonya: moto, kwerani, kayambireninso.

Pochokapo, kankhani throttle mosalala kwa masekondi awiri kapena atatu, osaimenya. Injini ikagwira bwino tsekani carb heat. Mphuno idzafuna kudumphira m'mwamba chifukwa cha trim ija, ndiye igwireni, phazi lamanja likankhe rudder. Ma flap achoke pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Ndipo njira yochokera muione musanatsike. Chigwa chimene mwalowamo mosavuta chikhoza kukhala ndi chitunda kutsogolo chimene ndege yotenthedwa singachikwere.

6. Injini kufa mutangonyamuka

Apa mtunda ndi wochepa, mphuno ili m'mwamba, liwiro limatha m'masekondi ochepa. Phunziroli lichitike ndi aphunzitsi okha, pa bwalo limene kutsogolo kwake mukukudziwa, oyang'anira ndege a pa nsanja atauzidwa. Chofunika kuti chilowe m'manja ndi chimodzi: mphuno pansi nthawi yomweyo, kenako sankhani malo kutsogolo, osapitirira madigiri 30 kumanja kapena kumanzere.

Mtima udzakuuzani kuti mubwerere ku bwalo limene mwangochokapo. Kubwerera kumeneko kwapha oyendetsa ndege odziwa ntchito, chifukwa si madigiri 180 okha. Pamafunika kukhota kopitirira apo kuti mulunjikenso msewu wa ndege, muli pafupi ndi nthaka, mphepo ili kumsana. Ngati mukufuna kudzionera nokha, kayeseni m'mwamba. Pa mafiti 3,000 pamwamba pa nthaka kwerani ngati mwangonyamuka, tsekani throttle, werengani masekondi anayi oimira kudzidzimuka, khotani, ndipo onani mafiti amene atha. Nambala imeneyo ilembeni, ndipo musadzaiyese pafupi ndi nthaka.

7. Zimene simuyenera kuziyamba nokha

Spin yadala imafuna mphunzitsi woidziwa ndi ndege yololedwa. Cessna 172 imaloledwa pokhapokha ili m'malire a kulemera otchedwa utility category, kumbuyo kulibe munthu kapena katundu, ndipo ma Cherokee ena saloledwa n'komwe. Werengani chikwangwani cha m'ndegemo. Kuphimba maso kuti muziyendera mageji okha kumafuna woyendetsa wina woyenerera pambali panu amene akuyang'ana kunja. Mtambo weniweni si poyeserera. Pa ndege ya injini ziwiri, kuzimitsadi imodzi kumachitikira m'mwamba kwambiri, ndipo liwiro lisayandikire kamzere kofiira ka pa geji muli pafupi ndi nthaka, chifukwa pansi pa kamzereko rudder singathenso kulimbana ndi injini yotsalayo ndipo ndege imagudubuka.

Phunziro limodzi lisatalike. Pakatha mphindi 40 za stall ndi kutsikatsika, mutu umatopa, mseru umayamba, ndipo mafuta nawo amakhala atapita osaonedwa. Mawu akuti "kamodzi komaliza" akamveka m'ndege, ine ndimalozetsa mphuno kunyumba.

8. Mukatera

Musathamangire kunyumba. Khalani pansi pa phiko ndi aphunzitsi anu zikadali m'mutu, mufunsane: tinatsika kupitirira nambala tinalemba ija? Tinafunditsa injini kangati? Panali nthawi imene sitinadziwe kuti wagwira ndege ndani? Ngati munatsikira pafupi ndi nyumba za anthu kapena ziweto, chongani malowo pa mapu kuti musadzabwerereko.

Ndipo ngati injini inakhosomola, ngati munapyola liwiro lololedwa ma flap ali pansi, ngati munakoka mwamphamvu potuluka mu stall mpaka thupi kulemera modabwitsa, lembani m'buku la ndegeyo ndipo muwauze amakaniko maso ndi maso. Chitsulo chopindika m'kati mwa phiko sichioneka poyendera ndege m'mawa, ndipo amene aikwere mawa ndi wophunzira wina amene akunyamuka yekha koyamba.